Ndinadikira achimwene, chotupa sichinadikire

Chotupacho ndinachimva koyamba ndikusamba, mwezi wa Meyi, manachesi atangoyamba kupsa. Chinali m'bere lakumanzere, cholimba ngati nzama youma, ndipo sichinkapweteka. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, amuna anga atamwalira kalekale, ana anga awiri ali kutali, wina ku Joni, wina kubanja ku Karonga. Ndinkakhala ndekha kumudzi kufupi ndi Thambani, ndipo ndinkakwera pikapu kukagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu pa boma la Mwanza. Ndinadziuza kuti chinthu chosapweteka si matenda, ndipo ndinapitiriza malonda anga.

Pofika Julayi nsonga ya bere inayamba kulowa mkati. Apa m'pamene ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Iwo ananditumiza pa boma, a pa boma nawo ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anandibaya jakisoni wa dzanzi n'kudula kanyama kakang'ono kuti akakapime. Zotsatira ndinazidikira masabata asanu.

Tsiku lomva zotsatira, adokotala anajambula bere papepala n'kundilozera pamene panali chotupa. Anati, "Mayi, iyi ndi khansa ya m'mawere, koma sinapite patali. Kuchotsa chotupa chokha kumafuna kuti pambuyo pake muwotchedwe ndi makina, ndipo makinawo pakadali pano kuno tilibe. Chimene tingathe ndi kuchotsa bere lonse, kenako mulandire mankhwala a m'diripi. Funsani chilichonse chimene simunamve." Sindinafunse kanthu. Pa zonse anayankhula, m'mutu mwanga munangotsala mpeni. Atandipatsa pepala loti ndisayine kuvomera opaleshoni, ndinalibweza. Ndinati sindingasayine achimwene asanamve.

Kwathu nkhani yaikulu siyenda popanda mwinimbumba, munthu wamwamuna woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Ukwati, maliro, malire a munda, zonse zimadikira iye. Wathu ndi achimwene anga aakulu, a Lufeyo, amene amayendetsa thiraki yoyera pakati pa Blantyre ndi Beira. Ndinakula ndikudziwa kuti mkazi sagona pa tebulo la opaleshoni mwinimbumba asanavomere, chifukwa akafera pomwepo, abale adzafunsa ndani? Ndinawaimbira foni ndili panja pa chipatala. Anati, "Achemwali, musathamangire mpeni. Dikirani ndibwere, tikhale pansi."

Ndiye ndinadikira. Manachesi atatha ndinayamba kugulitsa matimati pamalo omwe aja, osati chifukwa cha phindu, koma kuti ndiziona mathiraki opita kumalire a dziko. Iliyonse yoyera ikatulukira ndinkaimirira n'kukonza chitenje. Inkadutsa. Kawiri konse achimwene anaimba kuti adutsa m'mawa koma katundu anali wachangu, aima ulendo winawo. Anzanga ogulitsa nawo sindinawauze chilichonse, poopa kuti ayamba kundiyang'ana pachifuwa m'malo mwa kumaso. Madzulo ndikafika kunyumba ndinkatseka chitseko n'kupapasa chotupa chija, ndipo panalibe woti ndimuuze kuti chakula. Ndinali wosungulumwa kwambiri, kuposa chaka chimene ndinaika amuna anga m'manda, pakuti nthawi imeneyo anthu ankabwera.

Achimwene ndinkawakwiyira, ndithu. Koma ndinene zoona, kuchedwa kwawo kunkandikomeranso, chifukwa kunkabisa mantha anga. Seputembala, Okutobala ndi Novembala zinatha choncho. Chotupa chinafika ngati dzira la nkhuku, m'khwapa munatuluka mwanabere, ndipo mkono unkalemera ndikanyamula beseni.

Kumayambiriro kwa Disembala ndinalowa kuchipatala cha pa boma kungofuna mankhwala opha ululu. Namwino wina wachikulire anawerenga buku langa la kuchipatala kuyambira tsamba loyamba, n'kuvula magalasi. "Mayi, opaleshoni yanu inali ya mu Seputembala. Munali kuti?" Ndinati ndikudikira achimwene. Anati, "Achimwene anuwo chifuwa chawo chili bwinobwino. Muwauze, ndi ulemu, koma pepala lija limafuna dzina la mwini thupi." Anandikhazika pansi, nandiuza kuti ndifunse zonse zimene ndinameza ku Blantyre. Ndinafunsa ngati mpeni umabalalitsa khansa monga amanenera anthu. Anati ayi, imafalikira ikasiyidwa. Ndinafunsa ngati ndidzadzuke. Anati sangandilonjeze ngati Mulungu, koma amayi ambiri amene iye anawatumiza anabwerako ndi miyendo yawo. Kenako anandiuza kuti ndibwereze m'mawu anga zimene ndamva, mpaka anakhutira.

Nditabwerera ku Blantyre, adokotala sanandikalipire, ngakhale ndinali nditakonzekera. Anandipimanso, nati matenda afika m'khwapa, choncho dongosolo lasintha. Ndiyambe ndi mankhwala a m'diripi kuti chotupa chichepe, opaleshoni ibwere pambuyo. Anandiuza kuti tsitsi lidzathothoka, ndidzasanza, ndipo ndikadzamva thupi kutentha ndisadzadikire kunyumba. Pepala lija linabweranso. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, dzina langa ndimalemba pang'onopang'ono. Ndinalemba. Pamzere wa mboni anasayina namwino, chifukwa wachibale panalibe.

Mankhwalawo ndinkalandira pakatha masabata atatu aliwonse. Ndinkafika tsiku loyamba kuti anditenge magazi, n'kulandira diripi mawa lake. Tinkakhala pabenchi kuyambira m'mawa, mabuku athu ataunjikidwa patebulo, kudikira kuitanidwa. Mankhwala ena anali ofiira, ndipo mkodzo unkafiira tsiku lonse. Zikhadabo zinada, chakudya chinkamveka ngati chitsulo mkamwa, tsitsi linatsalira m'chipeso. Ulendo wina anandibweza chifukwa magazi anali ochepa, ndinataya sabata yathunthu. Chimene chinkandiwawa kuposa nseru chinali kuona odwala anzanga ali ndi magadiyani awo, wina akuwagwirira botolo la diripi popita kuchimbudzi, wina akuwapepesa. Akafunsa kuti gadiyani wanga ali kuti, ndinkati akubwera. Botolo langa ndinkanyamula ndekha.

Nditalandira kasanu ndi kamodzi, chotupa chinachepa, ndipo opaleshoni inachitika mu Meyi, chaka chathunthu chitatha. Ndinadzuka ndili ndi kapaipi kotulutsa madzi m'khwapa, ndipo pachifuwa chakumanzere panali see. Ndinalira, koma ndinali moyo. Tsiku lachitatu achimwene anatulukira mu wadi, atanyamula jumbo la manachesi ogula pamsewu pomwe ndinkawadikira paja. Anafunsa chifukwa chake sindinawadikire. Ndinawauza kuti ndinawadikira miyezi itatu, ndipo miyezi imeneyo ndi imene yafikitsa matenda m'khwapa. Anakhala pansi n'kuyamba kundisendera nachesi, misozi ikugwera pamakoko.

Pano patha zaka zinayi. Ndimamwa piritsi limodzi tsiku lililonse, ndipo ndimapita kukapimidwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mpaka lero sanapeze kanthu. Tsitsi linamera, lambiri loyera. Mkono wakumanzere umatupa ndikanyamula zolemera, choncho beseni amanditwika anzanga, amene tsopano akudziwa zonse ndipo amandinena kuti ndine wobisa ngati mfiti. Ndimakhalabe ndekha, ndipo masiku ena kusungulumwa kumabwerabe.

Amayi anzanga, ngakhale abambo, mukamva chotupa musadikire kuti chipweteke. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. Adokotala akamayankhula funsani mpaka mumve, ndipo ngati simunamve nenani kuti abwereze. Abale auzeni, mwambo sindikuunyoza, ndipo akatha kubwera abwere adzakugwirireni botolo. Koma akachedwa, musaime pamsewu kuwerenga mathiraki monga ndinachitira ine. Tengani cholembera, mulembe dzina lanu.