Chitenje Chimene Chinatsala M'makina Okolola

Amuna anga mpaka lero amadziwa kuti chitenje changa chobiriwira chinabedwa pachingwe. Sichinabedwe ayi. Anachimeza ndi makina.

Fodya atayamba kuvuta, mwini esiteti ina ya ku Wimbe analima soya n'kugula chimakina chakale chokolola, chadzimbiri, makoswe ataswanamo. Amuna anga ndi makaniko, ndiye anawaitana. Kutsogolo kwa chimakinacho kumakhala chinsalu cholimba ngati cha tenti, chokhomedwa timatabwa, chimene chimazungulira pa zitsulo ziwiri zobulungira n'kumanyamula soya wodulidwa kulowa naye m'kati. Chakalecho chinali chitaola. Chatsopano ndinasoka ndine, satifiketi yanga ya zosoka ya ku koleji n'kupezako ntchito.

Apongozi anali atandiletsa: "Mwana asakafike kumeneko. Makina a anthu achuma amafuna magazi." Ndinaseka chamumtima. Nanga ndikanamusiyira ndani, iwo ali kudimba?

Tsiku loveka chinsalucho ndinagwada mbali ino kuchilowetsa pansi pa chitsulo, amuna anga ali mbali inayo kupukusa gudumu ndi manja. Sitinkaonana.

"Amake mwana, chalowa?"

"Pukusani pang'onopang'ono."

Nsonga ya chitenje chimene ndinaberekera mwana inali ikulendewera. Ndinangomva kuthina pachifuwa, kenako kukokedwa, mutu wa mwana ukutsikira kuchitsulo. Ndinamasula mfundo, mwana n'kugwera m'dzanja langa, chitenje n'kupita chonse.

"Mwangoti zii bwanji? Mwagona, atelala?"

"Chalowa," ndinatero, ndikumuberekera cha m'chiuno.

Ndikananena, apongozi akanati mwaonatu, amuna anga n'kusiya ntchito yokhayo imene tinali nayo. Kunyumba ndinangoti chabedwa pachingwe.

Koma chitenje chija chinakulungika pachitsulo, ndipo chinsalu chinayamba kuyenda mopendekeka, kuthawira mbali imodzi. Tsiku lina nditawapititsira amuna anga chakudya kumunda, ndinawapeza akuchiwongola ndi dzanja injini ikulira, zala zili pafupi ndi mipeni yodulira soya. Anandimwetulira, n'kubwezanso dzanja pomwepo. Kuyambira pamenepo, injini ikangolira ndili kunyumba, ndinkangotchera khutu. Ikazima mwadzidzidzi ndinkatuluka panja kudikira munthu wothamanga ndi uthenga.

Masana ena, amuna onse atapita kukadya pansi pa chigafa, ndinatenga lezala n'kudula ulusi wa msoko wanga womwe, apa ndi apo. Chinsalu chinang'ambika pakati pa munda, timatabwa n'kuthyokera m'kati. Mwini esiteti anawathamangitsa amuna anga anthu akuona, akuti mkazi wako sadziwa kusoka. Iwo sanandikalipire. Anangoti nsaluyo inali yachabechabe.

Chimakinacho chikadali pomwepo, udzu ukumera m'matayala. Ndamva kuti apeza makaniko wina ndipo aitanitsa chinsalu china ku Lilongwe. Akadzachotsa chong'ambikacho adzachipeza chitenje changa, ndipo palibe wa kuno amene sachidziwa.

Zala za amuna anga zilipo zonse. Ntchito ndiye palibe, amangokhala pakhonde kupukuta masipanala. Inu amene mwawerenga izi, tandiuzeni: ndinachita bwino?