Atsegulanso makina anu a magemu

Achimwene, lero bambo a Tamanda atsegula makina anu a magemu aja, akuti aikemo masewera ambiri. Fungo la fumbi lotentha litangotuluka, ndakuonani mutagwada kuseri kwa makinawo ku Nabvutika, zaka za m'ma 90 zija, mukulowetsa bolodi la masewera lomwe munakagula ku Mwami. Munandiuza kuti, "Iwe, manja kumbuyo. Sikirini imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa." Mawa lake tinakupezani pomwepo mutazizira, sikuludiraiva ili m'manja.

Ndawauza zonsezi, angoseka, ati mantha a azimayi. Mwana wathuyu wayamba kukwawa, ndipo akungolunjika kumakina komweko. Ndamubereka kuyambira m'mawa, sindikumutsitsa ayi. Bambo akewo ine sandimvera. Muwabwerere kutulo, achimwene, muwauze nokha kuti manja kumbuyo.