Kabichi Wopanda Mizu

Ndinali ndi zaka khumi pamene sukulu yathu ku Lungwena inayambitsa dimba. Linali kuseri kwa mtengo wa mango umene tinkaphunzirapo, ndipo mwana aliyense anapatsidwa bedi lake. Dothi linali mchenga wokhawokha, choncho tinkabwera ndi manyowa a mbuzi ndi matumbo a nsomba m'zitini. Fungo lake, ntchentche zake! Koma bonongwe, mpiru ndi nkhwani zinakula mosiririka.

Mnzanga Asiyatu ankasamala bedi lake kuposa tonsefe. Bambo ake anapita ku Joni osabwerako, ndipo kwawo ankadyera masamba amene iye ankathyola poweruka.

Tsiku lina kunamveka kuti kukubwera alendo a bungwe limene linatipatsa makeni othirira. Ahedi anayendera dimbalo manja ali kumbuyo, nkhope atakwinya.

"Anthu achoke ku Lilongwe kudzaona bonongwe? Zulani zonsezi."

Asiyatu anagwada. "Sala, langali lokha lisiyeni. Amayi amadalira lomweli."

"Iwe, kuno si kumunda kwa amako," anatero ahedi.

Tinazula. M'mawa wa tsiku la alendo, wakabaza anatsitsa matumba a kabichi wa ku Namwera wogula pamsika, wodulidwa kale, wopanda muzu ngakhale umodzi. Ahedi anatiuza kuti tikumbe timaenje, timukhazike m'mizere ngati wamera pomwepo. Alendo anafika, anaomba m'manja, anajambula. Pofuna mwana wogwira keni pachithunzi, ahedi anasankha Asiyatu yemweyo, ati hijabu yake inali yoyera bwino. Asiyatu anathirira kabichi wakufa pamalo pamene panali ndiwo za amayi ake, uku akuuzidwa kuti aseke.

Galimoto ya alendo itangokhota, aphunzitsi anagawana kabichiyo m'majumbo. Ife tinatsala ndi maenje. Asiyatu sanadzalenso kanthu pasukulupo. Poweruka ankalowera kutchire kukafuna ndiwo, kenako anayamba kujomba, kenako malo ake pansi pa mango anakhala a wina.

Lero ndimamvetsa kuti kwa akuluakulu aja dimbalo silinali la ana, linali la chithunzi. Mpaka pano zimandinyansa. Ndikaitanidwa kukaona dimba la pasukulu, anzanga amayamikira kubiriwira kwake. Ine ndimawerama, ndimagwira tsinde limodzi n'kukoka pang'ono, kuti ndimve ngati nthaka ikukaniza.