Tinabwerera Kukatsazika

Tsiku limenelo tinali kupala nkhono za m'nyanja. Tinakhala pa timipando ta pulasitiki kuseri kwa shedi, ine ndi Chimwemwe, mipeni ili m'manja, beseni lili pakati pathu. Kunkatentha. Wailesi inkaimba nyimbo zomwe sitinkamva mawu ake. Chimwemwe ankandiseka kuti ndimagwira mpeni ngati mwana wa bwana.

Kenako kunagunda kunyanja. Ndinakweza maso kufunafuna mitambo, koma kumwamba kunali mbee. Kunagundanso. Madzi a m'beseni ananjenjemera okha popanda wowakhudza.

Tadala, mwana wanga, izi ndikulembera kuti udzawerenge ukadzakula. Nthawi imeneyo unali m'mimba mwa amayi ako kuno ku Romford, ku UK. Ine mayi ako aang'ono ndinali kutali, pa kachilumba kena ka Taiwan, komwe ndinkaphunzira ulimi wa nsomba. China imati Taiwan ndi yake. Anthu a ku Taiwan amadzilamulira okha, ndipo safuna kusintha. Kachilumba kathuko kanali kufupi kwambiri ndi China, moti kukacha bwino tinkaona nyumba za kutsidya. Amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Ife sitinali ngakhale udzu wa pamalopo, tinali alendo.

Amalawi tinalipo awiri basi. Chimwemwe anali mtsikana wa ku Ntcheu, wamkulu pang'ono kwa ine, wapakamwa, wosamva za munthu. Sukulu inatitumiza kwa bambo wina wachikulire, a Lin, kuti tikaphunzire ntchito pa zingwe zawo zoweterapo nkhono. Tinkagona m'chipinda cha mwana wawo amene anapita kumzinda. A Lin anali ogontha khutu limodzi. Linafa ali mnyamata, bomba litagwa pafupi ndi nyumba yawo.

Kugundako a Lin sanakweze mutu. Anangowonjezera mawu a wailesi. Zimenezi ndi zomwe zinandiopsa kwambiri.

Masana asanakwane, maboti onse a asodzi anabwerera kugombe nthawi imodzi. Sindinaonepo zotero. Anafola ngati ng'ombe zobwerera kukhola dzuwa likadali pamutu. Asodzi anatsika, maukonde ali ouma.

Pagolosale panali asilikali. Anali anyamata amsinkhu wanga, nkhope zopakapaka zobiriwira. Mmodzi ankagula tiyi wozizira wa m'botolo. Dzanja lake linkalephera kutsegula chivindikiro, mpaka mayi wogulitsa anamutsegulira.

Foni yanga inalira. Anali amayi ako, akuimba ali kuntchito kuchipatala, mimba ili kutsogolo.

"Iwe Alinafe, ndili pa break, mvera. Pa news akuti sitima zankhondo zazungulira konse. Visa uli nayo kale, ukudikira chiyani? Ticket ndasintha. Nyamuka lero, wamva? Usandidwalitse BP ine."

Chilolezo cholowera ku UK ndinali nachodi. Ndimayenera kubwera mwezi wotsatira kudzathandiza amayi ako pa chikuta chako. Chimwemwe analibe. Tinagwirizana kuti iye akakhala kwa anzathu pachilumba chachikulu cha Taiwan, bola kuchoka pakamwa pa mfuti.

Aphunzitsi athu anatumiza uthenga. Ndege zing'onozing'ono zaimitsidwa. Sitima yapamadzi inyamuka masana omwewo, ndipo palibe akudziwa kuti ina idzabwera liti. Anati izi n'zoyeserera chabe, asilikali a kutsidya akuponya mizinga m'madzi. Koma anamaliza ndi kunena kuti tifulumire.

Ndinalongedza mwachangu. Pasipoti, malaya awiri, chitenje chomwe ndinakusungira. Mabuku ndinawasiya. Ndinatenga nsapato imodzi ya phwando, inzake inatsala pansi pa bedi, ndipo ndinazindikira nditafika kuno.

Tinatsetsereka phazi thandize mpaka poimira basi. Basi inali ikubwera, ndinkaiona pa kona. Apo ndi pamene Chimwemwe anaika chikwama pansi.

"Sitinatsazike," anatero.

Ndinaganiza kuti wapenga. Ndinamuuza kuti tidzaimba foni. Ndinamuuza kuti mizinga sidikira ulemu. Ndinamutukwana pang'ono, ndipo Mulungu anamva.

"Munthu watidyetsa, watigoneka m'nyumba mwake. Tichoke ngati akuba nkhuku? Amayi anga atamva angandilandire pakhomo? Tiye, sitichedwa."

Basi inaima. Chitseko chinatseguka, kenako chinatsekeka. Ndinaima pamenepo kuiyang'ana ikupita. Chimwemwe anali atayamba kale kukwera chitunda, ndipo ndinamutsatira.

Tinawapeza a Lin m'nyumba, akumanga chingwe. Kwathu munthu satsazika ali chiimire pakhomo ngati wodzatenga moto. Tinavula nsapato. Tinalowa, n'kukhala pansi pa simenti, miyendo titapinda, manja pamiyendo. Tinadikira kuti atiyang'ane.

Anatiyang'ana ngati aona mizukwa. Anayamba kukalipa, akuloza koloko, akuloza kunyanja. Chitchaina chathu chinali chopunduka, koma tinamva. Ankafunsa kuti takhaliranji pansi sitima ikunyamuka.

Chimwemwe sanatekeseke. Anayamba monga momwe timayambira kwathu. Anati tabwera kudzatsazika. Anathokoza chifukwa cha chakudya. Anathokoza chifukwa cha malo ogona. Anati ngati tinalakwa penapake, atikhululukire, ndife ana. Mawu akamuthera m'Chitchaina ankangopitiriza m'Chichewa.

Ali mkati molankhula, ndege yankhondo inadutsa pamwamba pa denga. Makapu analira pa shelefu. Ine ndinadziponya chafufumimba, manja kumutu. Nditadzuka ndinapeza mkodzo wandithawa pang'ono. Chimwemwe anali akadali chikhalire, akudikira phokoso lithe kuti amalize.

A Lin anasiya kukalipa. Anaika chingwe pambali. Pang'onopang'ono, akugwira bondo, anatsika pampando n'kukhala nafe pansi. Anatembenuzira khutu lamoyo kwa Chimwemwe. Anamvetsera mpaka kumapeto.

Kenako analowa kukhitchini n'kutuluka ndi jumbo ya nkhono zouma. Anandipatsa ndi manja awiri. Anatenga makiyi a kalole kawo kabuluu. Palibe amene anawauza kuti mlendo amaperekezedwa.

Mumsewu tinakumana ndi magalimoto a asilikali. Anatiimitsa kuti adutse kaye. Ankadutsa, ankadutsa, osatha. Akasinja ankaswa phula, ndipo kugwedezekako ndinkakumva m'mano. Chimwemwe anandigwira dzanja. Chikhato chake chinali chozizira, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti nayenso akuopa.

Padoko panali anthu ambiri, koma panalibe wofuula. Ambiri anali alendo odzacheza, ndi amayi a ana aang'ono. Eni chilumba ankangoperekeza. Tinafika pawindo la matikiti anthu atatha. Mtsikana wa pawindopo anayang'ana pa kompyuta, n'kukweza chala chimodzi. Panatsala malo amodzi okha.

A Lin anamuchonderera. Anatchula dzina la bambo ake, anamukumbutsa kuti anamuona akubadwa. Mtsikanayo anangopukusa mutu, misozi ili m'maso. Chala chinakhalabe chimodzi.

Ndinayang'ana Chimwemwe. Mumtima ndinkafuna malowo ndi thupi langa lonse, ndipo ndinachita manyazi kuti mwina zikuoneka pankhope.

Iye anatsomphola pasipoti m'manja mwanga n'kuiponya pawindo.

"Ndakuchedwetsa ndine. Iwe kuli mwana akukudikira. Kwera, usandiyang'ane ngati nkhuku yonyowa."

Sitima inaliza lipenga. Anthu anakankhana. Munthu wa yunifomu anandigwira paphewa n'kundilowetsa pageti. Ndinatembenuka kuti ndilankhule, koma chikwama cha wina chinanditchinga. Nditafika pamwamba ndinaona duku lake lachikasu pafupi ndi kalole kabuluu. Ndinakweza dzanja. Iye anali akuthandiza a Lin kukwera, sanandione.

Tinakhala pansi kutsazika a Lin mpaka mawu onse kutha. Koma ine ndi Chimwemwe sitinatsazikane.

M'sitima anatiuza kuti tisatuluke panja. Ndinakhala pafupi ndi windo lamchere. Patali panali sitima zotuwa, zazitali, zongoima. Sindinadziwe kuti ndi za mbali iti. Mayi wina anaphimba windo lake ndi thaulo kuti mwana wake asaone. Wina ankasenda lalanje, n'kusenda linanso, osadya. Kunagundanso kawiri kumbuyo kwathu, kumene tinachokera. Ndinakumbatira jumbo ya nkhono ulendo wonse.

Pachilumba chachikulu masitolo anali otsegula. Anthu ankamwa khofi. Ana a sukulu ankaseka m'basi. Ndinkafuna kuwagwedeza mmodzimmodzi. Ndinaimbira Chimwemwe, foni sinalowe. Ndinaimbanso ndili pabwalo la ndege, sinalowe. Woyendetsa ndege anati tizungulira njira ina chifukwa kumwamba kwina kwatsekedwa.

Pabwalo la ndege la Heathrow ananditenga ndi bambo ako. Tinakwera sitima ya pamtunda, tinasintha, tinakweranso. Iwo ankandiwerengera mayina a masiteshoni kuti ndisangalale. Ine ndinkangoyang'ana foni. Titatsika ku Romford linali tsiku la msika. Bambo wina ankafuula mtengo wa nthochi, ndipo ndinadzidzimuka.

Amayi ako anatsegula chitseko, anandigwira kumaso ndi manja onse, n'kuyamba kulira. Kenako ananunkhiza.

"Eee, koma wabwera ndi chiyani m'bag umu? Ma neighbour atiitanira a council."

Jumboyo anaiika m'kabati ya pamwamba. Ndinawapempha kuti tisaitsegule kaye.

M'mawa wotsatira galimoto yotola zinyalala inagwetsa chibini pansi. Ndinapezeka ndili kunsi kwa tebulo. Amayi ako sanaseke. Anandipatsira tiyi komweko.

Masiku anapita. Pa TV ankaonetsa mapu, ndi mivi yofiira kuzungulira chilumba. Kachilumba kathu sikankaoneka n'komwe, kanali kakang'ono kwambiri. Ndinkaimba m'mawa, masana, madzulo. Mawu a mayi wa m'foni ankandiyankha m'Chitchaina kuti nambalayo sikupezeka. Amayi a Chimwemwe anandiimbira kuchokera ku Ntcheu. Anandifunsa kuti mnzako wamusiya kuti. Ndinangoti ali ndi munthu wabwino.

Iwe unabadwa mkati mwa masiku amenewo, pachipatala chomwe amayi ako amagwira ntchito. Ndinakufunditsa chitenje chija. Ndinakondwa, koma chimwemwe changa chinali ndi bowo. Ndinakunyamula ndi dzanja limodzi, lina lili pafoni.

Foniyo inalira masana ena ndikutsuka mabotolo ako. Nkhope ya Chimwemwe inatulukira, duku lachikasu lomwe lija, kumbuyo kuli shedi. Anali atavala magolovesi a ntchito.

"Iwe wakuba nkhuku," anatero. "Unachoka bwanji osanditsazika?"

Ndinafuna kumufunsa zambiri, koma ndinadziwa choyamba kuchita. Ndinavula masilipasi. Ndinakhala pansi pa khitchini ya amayi ako, ndinapinda miyendo, foni ndinaitsamiritsa pa mwendo wa tebulo. Ndinati ndabwera kudzatsazika. Ndinathokoza chifukwa cha malo aja a m'sitima. Ndinati ngati ndinalakwa penapake andikhululukire.

Chimwemwe anavula golovesi limodzi n'kupukuta m'maso.

"Uyende bwino," anatero. "Ukapereke moni kwa mwana."

Madzulo ake tinatsegula jumbo ija. Amayi ako anaphika ndi tomato, mawindo onse ali otsegula.

Nkhondo yeniyeni sinabwere nthawi imeneyo. Sitima zotuwa zinachoka, maboti a asodzi anabwerera kunyanja. Ena kutchalitchi ku Tottenham anandiseka kuti ndinathawa phokoso chabe. Ndinawasiya aseke. Iwo sanaone madzi a m'beseni akunjenjemera. Mpaka lero makombola akayamba kuphulika mu Novembala ndimalowa m'bafa n'kutsegula mpopi, ndipo iwe umagogoda kufunsa ngati ndili bwino.

A Lin anamwalira nyengo yozizira yotsatira, ndi chifuwa, pabedi pawo. Chimwemwe anali pambali pawo. Zingwe zawo akuziyang'anira ndi iye tsopano, pamodzi ndi mwana wawo uja anabwerako kumzinda. Akuti sangachoke nkhono zisanakhwime, ndipo nkhono zimakhwima chaka chilichonse. Sitima zija zimabwerabwerabe. Ndikaziona pa foni ndili m'sitima ya Elizabeth line popita kuntchito, ndimatsika pa siteshoni yotsatira n'kumuimbira.

N'chifukwa chake ndimakubweza pakhomo, Tadala, ukamathamanga ndi kachikwama kako osanena kanthu. Umakwiya, umati tichedwa. Ndimadziwa kuti tichedwa. Bwerera, undiyang'ane kumaso, unene kuti wapita.