Kumimba kwa ndege ya mapesi

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene tinabwerera kwathu ku Domwe, kutsidya kwa malire, kuchokera ku Dedza, kumene tinathawira nkhondo. Ndikuti kwathu chifukwa akuluakulu ankatero, koma ine ndinachokako ndili kumsana, ndipo zimene ndinapezako ndi tsekera, zitsa ndi mitengo ya mapichesi yotsalira pamabwinja. Bambo anatsala ku Malawi komweko ndi mkazi wina. Tinabwera awiri, ine ndi mayi, titasenza mphasa, mapoto ndi zitini zotha mafuta a chithandizo. Mayi anali atatopa kale tisanadule ndi mtengo umodzi womwe womangira nyumba.

Patapita miyezi ingapo anafika amalume anga a Zuze, mlongo wawo wamng'ono wa mayi, amene anagwidwa akadali mnyamata kukakhala msilikali. Sanalowe m'mudzi tsiku lomwelo. Akuluakulu anawaimika kumtsinje, anawasambitsa mankhwala, n'kutentha zovala zawo zonse, nsapato zomwe. Anawalangiza kuti za kunkhondo zapita ndi madziwo, asadzazitchulenso pakhomo pa munthu, chifukwa nkhondo ukamaitchula imamva n'kubwerera. Mayi anawalandira pa pangano lomwelo, ine ndikumva.

"Udya pano, ugona pano," anatero mayi. "Koma tsiku limene za kumeneko zidzalowe pakhomo panga, udzafune kwina."

Amalume analibe kwina. Makolo awo anali atamwalira, mkazi analibe, ndipo m'bale amene anatsala anali mayi okha. Nanenso ndinalibe munthu wina wamwamuna woti ndizimutsata pambuyo. Iwo ndi amene anafolera nyumba yathu, anazula zitsa m'munda, anatsegulanso ngalande ya kudimba n'kubzala kachewere. Sankalankhula kwambiri. Ankagwira ntchito ngati munthu woopa kukhala pansi, ndipo ine ndinkawakonda mopanda manyazi.

Masiku amenewo anyamata tonse tinkapanga zidole. Ku Dedza tinazolowera galimoto zawaya, koma ku Domwe waya anali wosowa, choncho tinatembenukira ku mapesi a chimanga. Tinkasenda khungu la phesi n'kulisandutsa timisomali, chofewa cha m'kati n'kukhala thupi, ndipo posamata tinkagwiritsa minga ndi ulimbo. Anzanga ankapanga malole ndi ngolo. Ine, wofuna kuoneka, ndinalengeza kuti ndipanga ndege ya nkhondo, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo ndi maso angawa.

Ndinkaipangira kudimba, pansi pa nthochi, tikapuma kuthirira. Tsiku lina amalume anadutsa ndi chitini cha madzi, anaiyang'ana, anapitirira, kenaka anabwerera.

"Mphwanga, chimenechi n'chiyani? Mtanda wa patchalitchi cha ku Fonte Boa?"

Ndinawauza kuti ndi ndege ya nkhondo. Anayang'ana uku ndi uku ngati mbava, n'kutula chitini chija. Ndikuganiza kuti manja awo ndi amene anayamba, mutu usanavomere. Anatenga mpeni wanga n'kudula mphuno yosongoka ija imene ndinaisema tsiku lonse.

"Aviyau imeneyo mphuno yake ndi yobowoka, imameza mphepo," anatero chapansipansi, akuitchula ndegeyo mmene ankaitchulira kunkhondo. "Mapiko sayima chopingasa chonchi, amathawira kumbuyo ngati a namzeze."

Kuyambira tsiku limenelo ndege inali ya awiri. Tinaimasula n'kuiyambanso. Thupi tinalimbitsa ndi kansungwi m'kati, mapiko tinadula pachitini cha mafuta, ndipo zala zanga zinachekekachekeka mpaka kusiya kumva kuwawa. Pokhala woyendetsa tinamatapo kachidutswa ka botolo. Ndinawafunsa tsiku lina ngati anakwerapo. Anaseka kuseka kosafika m'maso.

"Kukwera ndani? Ife tinkaiona tili chagada m'ngalande. Za pamwamba pake sindikuzidziwa, upake zimene ufuna. Koma kumimba ndikukudziwa."

Ndipo ankakudziwadi. Pamwamba ndinapaka ndekha mwaye ndi katondo mwachisawawa, koma kumimba anapanga okha, pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Anasakaniza phulusa ndi madzi a masamba kuti kukhale kotuwa ngati pachifuwa pa njiwa. Anajambula ndi munga timizere ta pamene matayala amabisala. Kunsi kwa mapiko anamangirira timabango tiwiri, ndipo nditafunsa kuti n'chiyani, anangoti ndi katundu wake. Itatha anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa.

"Imeneyi ikhale kudimba konkuno," anatero.

Ndinamvera, ndinaibisa m'nthochi. Koma chiswe cha kudimba sichidziwa pangano. Patangopita masiku ochepa ndinapeza chayamba kumata dothi kumchira, ndipo mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana kumapiri. Kwathu chinthu chimene ukuchisamala umachipachika kudenga. Chimanga cha mbewu chimapachikidwa, chikwanje chatsopano chimapachikidwa, ngakhale nyama yofutsa. Choncho ndinainyamula m'malaya, ndinaimanga luzi pamsana, n'kuipachika pakhonde pambali pa ngala za mbewu, pamwamba penipeni pa khomo. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiione. Inkazungulira pang'onopang'ono ndi mphepo, ndipo mtima wanga unadzaza.

Mayi anabwera kuchokera kuchitsime dzuwa lili paliwombo, ndowa ili pamutu. Munthu wosenza madzi akafika pakhonde amagwada kuti atule, ndipo akatula amadzutsa maso kuwongola khosi. Anadzutsa maso ndowa isanafike pansi. Ndowa inagwa n'kugubuduka, madzi anamwazika pabwalo ponse, ndipo mayi anadziponya chafufumimba m'matopemo, manja atakumbatira pansi ngati pali munthu.

"Luwiza, gona! Gona pansi, mwana iwe!"

Luwiza anali mlongo wanga wamkulu. Ndinkangodziwa dzina lake, ndi kuti anamwalira tisanawoloke malire. Palibe amene anali atandiuza kuti tsiku limenelo ndege ya nkhondo inamupeza m'munda ali ndi mayi, ine ndili kumsana, ndi kuti iye anathamanga choimirira pamene ena onse anagona.

Amalume anafika akuthamanga kuchokera kuseri kwa nkhokwe. Anadula luzi lija n'kubisa ndege kumbuyo kwawo, koma zinali zitachitika kale. Mayi anadzuka okha, chitenje chili matope okhaokha. Sanalire, sanandimenye, sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mlongo wawo.

"Mwana uyu sanaionepo," anatero. "Za kumimba kuja wamuuza ndani?"

Amalume anangoweramitsa mutu.

Ine ndinaganiza mwachibwana kuti mlandu uli pandegeyo, ndipo ikasiya kukhala ya nkhondo nkhani itha. Masana onse ndinakhala kuseri kwa khola ndikuisintha. Ndinazula timabango tija, ndinatseka mphuno ndi chofewa cha phesi, ndinaipaka dothi loyera la kumtsinje mpaka kumimba kotuwa kuja kunasowa. M'mbali ndinajambula mawindo ndi khala. Ndinapita nayo kwa mayi, amene anali atakhala pamphasa akusankha nyemba, ndinagwada n'kuiika pansi.

"Amayi, onani, ndaikonza. Tsopano ndi yonyamula anthu odwala."

Anaiyang'ana kamodzi kokha n'kubwezera maso m'lichero. "Mapiko ake ndi omwewo," anatero. M'mawu mwawo munalibe ukali. Munali kutopa kokha, ndipo ine ndikadakonda akanandikwapula.

M'mawa mwake amalume anakulunga bulangete ndi malaya awiri. Palibe amene anawathamangitsa ndi mawu ena, pangano linali litanenedwa kale ndipo iwo sanali munthu wodikira kuuzidwa kawiri. Ndinawaperekeza panjira ya ku Kalomwe, kumene ankati akakwera lole yopita kumafodya. Kunkazizira, mame anatinyowetsa mpaka m'mawondo. Ndinkalira n'kumanena kuti ndikauza mayi kuti ndinawakakamiza ndine. Anaima, anandigwira paphewa.

"Iwe unalibe mlandu, unkateteza chako ku chiswe. Koma umve ichi, mphwanga. Chinthu usanachiike pamwamba pa mitu ya anthu, yamba wagona pansi, uchione mmene adzachionere iwo."

Anandibweza pamlatho wa mitengo. Sanabwerenso ku Domwe. Tinkangomva kuti ali ku esiteti yakuti, kenaka yakuti, mpaka tinaleka kumva. Ngalande ya kudimba inatsekeka chaka chomwecho chifukwa ine ndi mayi sitinathe kuisamala. Mayi sanawatchulenso kwa zaka zambiri, koma mbale yawo yachitsulo sanalole kuti munthu wina adyeremo. Ndege ija ndinaisiya m'nthochi, chiswe chinamaliza ntchito yake.

Lero ndimakweza matumba a kachewere pamalole ku Kalomwe. Msana unatha kale, mawondo akutsatira. Ndikakhala pamwamba pa lole ndikusanja matumba, anzanga amandiseka kuti ndimachedwa, chifukwa ndimatsika kaye kukayang'ana mmene mulu wapendekera kwa amene akudutsa pansi. Ndimawasiya aseke.

Kwa nthawi yaitali ndinkasunga mkwiyo, chaka china pa mayi, chaka china pa amalume. Tsopano ndilibe mphamvu zokwiyira munthu, komanso ndinamvetsa. Awiri aja anaona chinthu chimodzi, onse atagona pansi pomwepo, wina m'munda wina m'ngalande. Mmodzi ankafuna kuchitulutsa ndi manja kuti chimuchoke m'mutu, winayo ankafuna asadzachionenso mpaka kufa. Madzi a kumtsinje sanatsuke aliyense wa iwo, ndipo denga limodzi silikanawakwana.

Chaka chatha mwana wanga wamng'ono anandivutitsa kuti ndimupangire ndege. Ndinakana mpaka kutopa, kenaka ndinamupangira ya chitini, mapiko opingasa ngati mtanda, matayala a zitsekerero za mabotolo, ndi ndodo yokankhira. Anaithamangitsa pabwalo tsiku lonse, ndipo madzulo anabwera nayo ndi chingwe m'manja.

"Ababa, ndege imakhala m'mwamba. Ipachikeni pakhonde."

Agogo ake anali pomwepo pamphasa, akusankha nyemba ndi maso awo ofookawo. Ndinatenga chingwe chija n'kuchiika m'thumba. Ndinamuuza kuti ndege ya pakhomo pano imayenda pansi, ndipo ikatopa imagona kunsi kwa bedi.