Njinga ya Bokosi Lofiira

Inu owerenga, ine ndinapasula banja la mayi wina ndi pakamwa pangapa, ndipo tsiku limene ndinachita zimenezi anthu anaimirira n'kundiombera m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira kuomba m'manja kuja, mtima umandiwira.

Ndimakhala ku Kafue Estates ndipo ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'madera. Chaka chatha ndinasankhidwa kukachita maphunziro a utsogoleri ku Lusaka pamodzi ndi achinyamata ena ophunzira, aphunzitsi, anamwino ndi maloya ongoyamba kumene. Ankatiuza kuti ndife amene tidzathetse kuponderezana kumene tikukhala. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi nditatchena jekete, ndikudzimva ngati Kafue yense akudikira ine.

Aliyense anayenera kusankha vuto la kwawo, ndipo ine ndinasankha amayi ooda nsomba ku Chanyanya, doko la asodzi pamtsinje wa Kafue. Otiphunzitsa anali ndi mawu amene ankabwereza mpaka kutopetsa, akuti manambala sakhudza mtima, bweretsani nkhani ya munthu weniweni. Zoti munthu weniweniyo adzayenda bwanji mumsewu nkhani yake ikatuluka, palibe anatchulapo. Inenso, ndi sukulu yanga yonseyi, sindinafunse.

Munthu wanga ndinamupeza pafupi. Ndiwatchula Amake Dalitso, ngakhale si dzina lawo. Ndi a ku Nangongwe konkuno ku Kafue, ankaimba kwaya ndi mayi anga kutchalitchi, ndipo anandiberekapo kumsana ndili khanda. Ankapalasa njinga mtunda wonse uja mpaka ku Chanyanya kukaoda nsomba zodzagulitsa pamsika.

Ndinapita nawo kumtsinje kawiri. Ulendo wachiwiri, tikudikira mabwato pansi pa mtengo, anandiuza zimene amayi ambiri kumeneko amadziwa koma salankhula. Nsomba zikachepa, asodzi ena sagulitsa kwa mkazi wokana kugona nawo. Kenako anatsitsa mawu. Anati chaka chimene amuna awo anachotsedwa ntchito, ana atagona ndi njala masiku awiri, iwonso anavomera, kamodzi kokha.

"Nakuuza monga mwana wanga," anatero. "Olo amayi ako sadziwa."

Inu owerenga, mukuganiza kuti ndinamva chiyani? Chisoni chinalipo, inde. Koma pansi pa chisonicho ndinali kukondwa kuti ndapeza nkhani yoposa ya anzanga onse. Ndikunena poyera chifukwa ndatopa ndi kudzinamiza.

Ndinachita zonse monga anatiphunzitsira. Dzina ndinasintha. Nkhope sindinaonetse, ndinawajambula chakumbuyo akukankha njinga. Ndinawapatsa pepala la chilolezo lolembedwa m'Chingerezi n'kuwauza kuti ndi zakusukulu chabe, iwo n'kusaina akuseka. Koma njinga ija inali ndi bokosi lofiira kumbuyo, lomangidwa ndi mphira, ndipo m'Nangongwe monse mayi wa njinga ya bokosi lofiira ndi mmodzi yekha. Ine ndinakula ndikuliona bokosilo. Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinangodziuza kuti a ku Lusaka sangamuzindikire, ngati kuti Lusaka ili kutsidya kwa nyanja, pamene minibasi zimapita ndi kubwera tsiku lonse.

Tsiku lotsiriza maphunziro tinasonkhana m'holo ya hotela. Ndinaimirira, chithunzi chili pakhoma, n'kufotokoza zonse, ngakhale za kamodzi kaja. Mayi wina pampando wakutsogolo analira. Anandipatsa satifiketi n'kunditchula mtsogoleri wamawa. Okonza maphunziro anajambula vidiyo n'kuiika pa intaneti, ndipo ine mwiniwakene ndinaitumiza kwa anzanga monyada.

Pasanathe masiku atatu vidiyo ija inali m'mafoni a ogulitsa pamsika ku Nangongwe. Kondakitala wina anakaionetsa kwa amuna awo a Amake Dalitso. Bamboyo, yemwe uja anadya nshima ya nsomba zimene zija ali pa ulova, anaponya zovala za mkazi wake panja masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Kukwaya anauza Amake Dalitso kuti ayambe apuma kaye. Ku Chanyanya asodzi anamvana kuti mayi wa bokosi lofiira asamugulitsenso nsomba, poti akuwaipitsira mbiri. Msodzi amene anawachita zija akadali ndi bwato lake ndipo palibe anamufunsa kanthu. Zimenezi zimandinyansa, ndipo chimandinyansa koposa n'chakuti amene anawapereka m'manja mwa anthu onsewa ndine.

Ndinaimbira foni mmodzi wa otiphunzitsa aja. Anandifunsa funso limodzi lokha, loti kodi mayiyo anasaina. Nditavomera anati ndiye palibe mlandu, koma vidiyo aichotsa. Anaichotsadi patapita sabata, Kafue yense ali nayo kale. Anawonjezera kuti nditenge zimenezi ngati phunziro pa ulendo wanga wa utsogoleri. Phunziro ati? Mayi wazaka zake akugona pansi m'nyumba ya mng'ono wake, ine ndiye ndizikhala ndikuphunzira? Ndinadula foni ndisanatukwane munthu wamkulu.

Mayi anga anatha mwezi osandilankhula. Atatsegula pakamwa anangoti ndipite ndikaone chimene ndachita.

Ndinawapeza Amake Dalitso kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo, akupaka penti yakuda pa bokosi lija. Ndinagwada, ndinalira, ndinati cholinga changa chinali kuthandiza amayi onse a kumtsinje. Sanakweze mawu, ndipo burashi sanaiike pansi.

"Iwe, unanifunsapo kuti tifuna chani? Sembe ninakuuza kuti ise azimayi tifuna bwato yathu, tizigula kwa munthu wathu. Koma iwe unafuna chabe nkhani. Unaitenga. Manje wabwera kutenga chani futi?"

Miyezi isanu ndi umodzi ya maphunziro, funso laling'ono ngati limenelo sindinawafunse.

Achinyamata anzanga amene mukupita kumaphunziro otere, pitani, si oipa onse. Koma ndikukupemphani, munthu akakuuzani chinthu atatsitsa mawu, chimenecho si cha pakhoma la hotela. Siginecha ya papepala limene munthu sanaliwerenge si chilolezo, ndi njira yoti inu mudzathawire mlandu. Muonetseni chithunzicho, muuzeni kumene chikupita ndi amene adzachione, ndipo akakana, kabwereni chimanjamanja ngakhale anzanu akusekeni. Musanamutenge munthu ngati chitsanzo, yambani mwamufunsa chimene iye akufuna. Inu mudzalandira satifiketi n'kupita patsogolo, iye adzatsala pamsika pomwepo ndi anthu omwewo.

Satifiketi yanga ili pansi pa zovala m'sutikesi, sindifuna n'kuiona komwe. Amake Dalitso kunyumba kwawo sanabwerere. Tsopano amagulitsa tomato, ndipo njinga ija imandidutsa m'mawa ndi bokosi lakuda, koma anthu amawalozabe. Ndikawapatsa moni amayankha mwaulemu ndithu, "Tili bwino, ba madamu."

Mayi amene anandibereka kumsana, amene ankanditchula mwana wanga, lero amanditchula madamu.