Masokosi Atatu Andidyera Zala

Sabata yatha madokotala anadula zala ziwiri za phazi langa lamanzere. Chala chachikulu chidakalipo, koma chada ngati khala ndipo sindichimva. Wolakwa ndine, ndipo cholakwa chake n'chochititsa manyazi: ndinavala masokosi atatu.

Ndine namwino pa chipatala china kuno ku Wakefield. Ndinabwera ku England kudzaphunzira, pano ndili ndi mkazi ndi ana awiri. Anzanga a kuntchito anandiphunzitsa ski, masewera otsetsereka pa sinowo utamanga matabwa awiri kumapazi. Tinkaphunzirira m'chinyumba cha sinowo wopangidwa ndi makina, ola limodzi, kenako khofi. Ndinayamba kudziona katswiri. Atanena zopita ku mapiri a Alps, ku France, kukakwera nsonga imodzi ndi kutsika tsiku lomwelo, ndinali woyamba kulembetsa.

Tinali asanu, wakuda ine ndekha. Wotitsogolera anali mayi wachikulire, wamfupi, wosachulutsa mawu. M'mawa, tisanavale jombo, ananena zinthu ziwiri. Choyamba, phazi lililonse sokosi imodzi yopyapyala, chifukwa jombo ikathina magazi sayenda. Chachiwiri, wina akasiya kumva zala anene pomwepo, ndipo tonse tibwerera.

Inu owerenga, mukudziwa mmene Mmalawi amalimbanirana ndi chisanu cha kuno. Timasanjikiza. Pokadikira basi timavala mabuluku awiri ndi majuzi atatu. Ndinati mumtima, mayi awa anabadwira m'chisanu, thupi lawo si langa. Ndinalowa m'chimbudzi n'kuwonjezera masokosi awiri aubweya pa phazi lililonse. Jombo yamanzere inatsekeka movutikira kwambiri. Ndinakondwa kuti yagwira bwino.

Pa ulendo wotere palibe makina okukokera pamwamba. Umamata nsalu yaubweya kunsi kwa matabwa aja kuti usatsetserekere m'mbuyo, n'kumakwera ndi miyendo yako. Ife tinakwera maola asanu. Ola loyamba zala zinkawawa. Lachiwiri zinkabaya ngati singano. Lachitatu ululu unatha. Ine amene ndimauza odwala shuga tsiku ndi tsiku kuti phazi losamva ululu ndiye loopsa, ndinathokoza Mulungu kuti ndazolowera.

Mayi aja anatiimitsa katatu, kufunsa mmodzimmodzi. Katatu konse ndinati ndili bwino. Kwathu ndinaleredwa kuti pagulu sudandaula, makamaka kwa munthu wamkulu amene akukuchitira zabwino. Ndinkaopanso kuti anzanga abwerera, nsonga ikuoneka apo, chifukwa cha munthu wa ku Africa amene walephera chisanu. Ndisabise, ndinkafunanso chithunzi cha pamwamba choti nditumize pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi.

Chithunzicho ndili nacho. Ndikuseka, mano onse panja. Pansongapo mphepo inkacheka nkhope, ndipo tinakhalapo mphindi khumi zokha. Potsika, mwendo wamanzere unakana kundimvera. Ndinagwa kasanu ndi kawiri. Mayi aja anandiyang'ana, osafunsanso. Titafika pa kanyumba kopumira, anagwada n'kundivula jombo okha. Anachotsa sokosi yoyamba, yachiwiri, yachitatu, akuziyala pa benchi. Zala zitatu zinali zoyera ngati kandulo, zolimba ngati mtengo.

"Ndinakufunsani katatu," anatero.

Ku chipatala cha kuchigwa anaviika phazi m'madzi ofunda. Ndinalira mokuwa ngati mwana. Anandiuza kuti ndidikire masabata angapo kuti zioneke zala zomwe zafa ndi zomwe zipulumuke. Ndinatsika ndege pa njinga ya olumala.

Mkazi wanga sanakalipe. Anaona phazilo, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo a Tadala, inu ndinu anesi enieni? Kapena yunifolomu ija mumangobwereka?"

Kenako anakalirira kubafa, atatsegula mpopi kuti ana asamve.

Ntchito yanga ndi ya miyendo, maola khumi ndi awiri mu wodi, kuthamangira mabelu ndi kutembenuza odwala. Chala chachikulu ndicho chimakankha thupi munthu akamaponda. Chikapita sindikudziwa ngati ndidzabwerera ku wodi, ndipo chilolezo choti banja langa likhale m'dziko lino chatsamira pa ntchito imeneyo. M'mawa uliwonse ndimachikhudza ndi pini, n'kumachichonderera kuti chimve. Sichimva.

Abale anga, sindikuti musapite ku mapiri. Ndi okongola, ndipo anzanga atatu aja, ndi mayi otitsogolera, anatsika ndi zala zawo zonse. Koma nzeru zodikirira basi ku Wakefield zisiyeni ku Wakefield. Munthu amene ntchito yake ndi phiri akakuuzani sokosi imodzi, valani imodzi. Akakufunsani ngati muli bwino, sakukupatsani moni, akufuna adziwe zoona. Ulemu umene ndinkasunga tsiku lija sunathandize aliyense. Tikanabwerera pa ola lachitatu, anzanga akanakhumudwa tsiku limodzi n'kuiwala.

Lachinayi m'mawa ndikuonana ndi dokotala wa opaleshoni. Akamasula bandeji, ayang'ane pamene kuda kwalekezera. Anandiuza kale kuti ndipite osadya.